Njinga Ikapuma M'dzinja, Thupi Lisapume

Achinyamata anzathu a m'makalabu, akuluakulu anati walira mvula walira matope. Chaka chilichonse mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, timasangalala kuona chimanga chikumera, koma njinga zathu zimayamba kugona pakhonde. Misewu yafumbi imasanduka matope, mitsinje imadzaza, timilatho tamitengo timakokoloka. M'madera okwera monga Dedza, Mzimba, Thyolo ndi Mulanje mumabweranso vuto lina mu Juni ndi Julayi: chisanu cha m'mamawa ndi mvula yowaza ya chiperoni zimachititsa munthu kukakamira bulangete.

Kwa ambiri a ife njinga si chinthu chongosewera nacho. Ndi njinga imene imatifikitsa kumidzi yakutali kukachita zisudzo ndi kukaphunzitsa anzathu za HIV ndi Edzi. Ndi njinga imene imatitengera kuchipatala kukalandira mankhwala tsiku lathu likakwana. Ena mwa ife timapezera ndalama ya sopo ndi fizi pa kabaza. Tsono tikakhala miyezi itatu kapena inayi osapalasa mokwanira, timadabwa mu Epulo kuona kuti chitunda chimene tinkakwera tikuimba nyimbo chikutitsitsa pa njinga, tikuwefuka ngati tathamangitsidwa ndi galu.

M'nkhani ino tifotokoza chimene chimachitika m'thupi tikasiya kupalasa, masewera amene tingasankhe kuti mphamvu zisathe, kaya ku jimu kaya pakalabu pathu pomwe, ndiponso zimene anzathu amene ali ndi kachirombo ka HIV ayenera kudziwa.

Kodi chimachitika n'chiyani tikasiya kupalasa?

Munthu wopalasa njinga kawirikawiri amakhala ndi mtima wopopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi. Magazi ake amachuluka, ndipo minofu ya m'ntchafu imazolowera kugwiritsa ntchito bwino mpweya umene magaziwo abweretsa. N'chifukwa chake satopa msanga.

Thupi silisunga chinthu chimene sichikugwira ntchito. Tikangokhala, pakatha masabata awiri kapena atatu kuchuluka kwa magazi kumakhala kutatsika kale, ndipo mtima umayenera kugunda mothamanga kuti ugwire ntchito yomwe ija. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu, minofu nayo imakhala itataya mbali ya luso lake logwiritsa ntchito mpweya. Mphamvu zonyamulira katundu zimachedwerapo kutha, koma zopirira pa ulendo wautali ndi zimene zimayamba kuthawa.

Nkhani yabwino ndi yakuti kusunga mphamvu n'kosavuta kusiyana ndi kuzipeza. M'chaka cha 1981, katswiri wina wa ku America, Robert Hickson, anaphunzitsa anthu kupalasa ndi kuthamanga masiku 6 pa sabata kwa masabata 10. Kenaka anawachepetsera masikuwo, ena kufika pa 4, ena pa 2 okha. Patatha masabata 15, mphamvu zawo zinali zisanatsike, chifukwa pa masiku ochepawo ankachitabe masewerawo molimbika ngati kale. Pa kafukufuku wotsatira, atachepetsa kulimbika kwa masewerawo m'malo mwa masiku, mphamvu zinatsika. Phunziro lake ndi ili: masiku awiri kapena atatu pa sabata ndi okwanira kusunga zimene tinapeza, bola thupi lizitenthadi ndi kutuluka thukuta.

Tingadziwe bwanji kuti talimbika mokwanira? Yesani kulankhula. Ngati mukutha kuimba, masewerawo ndi opepuka. Ngati mukutha kulankhula koma osaimba, ali pakatikati. Ngati mukungotha kutchula mawu awiri kapena atatu n'kupuma, ndiye kuti mwalimbika kwambiri.

Nanga amene ali ndi kachirombo ka HIV?

Kale anthu ankaganiza kuti munthu akapezeka ndi kachirombo azingokhala pamkeka, asamadzitopetse. Maganizo amenewa ndi olakwika. Kuyambira mu 2004 pamene zipatala za boma m'Malawi zinayamba kupereka ma ARV kwaulere, taona anzathu ambiri akubwerera kumunda, kusukulu ndi kubwalo la mpira. Munthu amene akumwa mankhwala ake mokhulupirika angathe kupalasa njinga ngati wina aliyense.

M'malangizo ake a mu 2020, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatchula mwachindunji anthu amene ali ndi HIV. Linanena kuti masewera olimbitsa thupi amawonjezera mphamvu, amachepetsa nkhawa ndi kukhumudwa, ndipo satsitsa chitetezo cha m'thupi kapena kuchulukitsa tizirombo m'magazi. Malangizowo akuti:

• Ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 17 azichita masewera otenthetsa thupi pafupifupi mphindi 60 pa tsiku, ndipo masiku atatu pa sabata pazikhala masewera olimba ndiponso olimbitsa minofu ndi mafupa.
• A zaka 18 kupita m'tsogolo azichita mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za masewera apakatikati, kapena mphindi 75 mpaka 150 za masewera olimba, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu.

Pali zifukwa zina ziwiri zimene zimakhudza anzathu amene ali pa mankhwala. Choyamba ndi mafupa. Kachirombo ka HIV, ndiponso mankhwala a tenofovir amene ali m'mbulu umene ambiri timamwa, amatha kuchepetsa pang'ono kulimba kwa mafupa. Pamene tili pa njinga, chishalo ndicho chimasenza thupi, choncho mafupa salimbitsidwa kwenikweni. Mafupa amalimba tikamathamanga, kudumpha ndi kunyamula zolemera. Chachiwiri ndi kunenepa. Kuyambira mu 2019 anthu ambiri m'Malawi anasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir. Mankhwalawa ndi amphamvu pogonjetsa kachirombo, koma ena amanenepa nawo. Masewera amathandiza kuti thupi lisapyole muyezo, ndipo amatiteteza ku matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Tinene momveka bwino: masewera salowa m'malo mwa ma ARV. Ngakhale mutamva mphamvu bwanji, musasiye kumwa mankhwala ndipo musadumphe tsiku lanu la kuchipatala.

Kusankha kalasi ku jimu

Anzathu a m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba angathe kupeza majimu kumene anthu amachitira masewera pagulu motsogozedwa ndi mphunzitsi. Ndalama za wachinyamata n'zochepa, choncho tisangolowa kalasi iliyonse chifukwa muli nyimbo zokoma. Nayi mitundu inayi imene imapezeka kawirikawiri, ndi phindu lake kwa wopalasa njinga.

1. Njinga yopalasa pamalo amodzi. Kalasi imeneyi amaitcha spinning. Anaiyambitsa ndi Johnny Goldberg, wopalasa njinga wobadwira ku South Africa, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ali ku California, pofuna njira yokonzekerera mpikisano wautali ali m'nyumba. Ku Britain ndi maiko ena kumene kumagwa chipale chofewa ndipo kumada msanga kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, opalasa njinga ambiri amadalira makalasi otere. Ubwino wake ndi wakuti imagwiritsa ntchito minofu yomweyo imene timapalasira pamsewu. Ngati ndalama ikukwanira kalasi imodzi yokha, ndipo njinga yanu yaimiratu, sankhani imeneyi. Musanayambe, konzani chishalo kuti pedulo ikafika pansi bondo likhale lopindika pang'ono chabe. Chishalo chotsika kwambiri chimapweteketsa mawondo. Musamasulenso njingayo mpaka mapedulo azingozungulira okha. Payenera kukhala kulemera kofanana ndi kwa msewu weniweni.

2. Kalasi yonyamula zitsulo. Iyi imapereka zimene njinga siipereka: mafupa olimba, msana wolimba ndi manja amphamvu. Wopalasa njinga asamataye nthawi yonse pofufumitsa chifuwa ndi akatumba a m'manja kuti aziwonekera mu sikipa. Chofunika kwambiri ndi ntchafu, matako, msana ndi mimba. Yambani ndi zopepuka kufikira mutadziwa kaimidwe koyenera. Ngati mukupalasabe masiku ena pa sabata, monga anzathu a kabaza a m'tauni, kalasi iyi ndiyo ingakupindulitseni koposa.

3. Aerobics ndi makalasi osinthasintha masewera. Apa mumadumpha, kuvina, kukwera ndi kutsika pa kabenchi motsatira nyimbo. Mtima ndi mapapo zimagwira ntchito kwambiri, mafupa nawo amalimba. Sizifanana ndendende ndi kupalasa, koma zimasunga mpweya, ndipo nthawi zambiri mtengo wake umakhala wotsikirapo chifukwa sipafunika makina.

4. Makalasi odziwongola monga yoga ndi Pilates. Munthu wokhalitsa pa njinga amaumitsa chiuno, khosi ndi msana. Makalasi awa amamasula thupi ndi kukhazika mtima pansi. Koma paokha sangasunge mphamvu zokwerera chitunda. Akhale ndiwo, osati nsima.

Musanapereke ndalama, funsani mafunso awa:

• Kodi ndingalipire tsiku limodzi kuti ndiyese kaye, m'malo molipira mwezi wonse?
• Kodi pali kalasi ya anthu ongoyamba kumene?
• Kodi mphunzitsi amayendayenda kukonza kaimidwe ka anthu, kapena amangokuwa ali kutsogolo?
• Kodi m'chipindamo mumalowa mphepo, ndipo pali madzi akumwa aukhondo?
• Kodi kalasi imatha nthawi yanji? Atsikana makamaka, sankhani nthawi yoti mubwerere kunyumba kusanade, ndipo muziyenda awiriawiri.

Dziwaninso kuti simukukakamizidwa kuuza mwini jimu kapena mphunzitsi ngati muli ndi kachirombo kapena ayi. Imeneyo ndi nkhani ya inu ndi achipatala. Ndipo wina akakuuzani kuti akulipirirani jimu koma mumuthokoze pogona naye, kanani. Palibe masewera amene mtengo wake ungafanane ndi moyo wanu.

Kopanda jimu, kalabu ndiyo jimu

Ambiri mwa ife tili kumudzi kumene jimu timangoimva pa wailesi. Tisadandaule. Chipinda cha sukulu, holo ya tchalitchi kapena chisakasa chimene timakumaniramo n'chokwanira. Pemphani chilolezo kwa aphunzitsi aakulu kapena akuluakulu a mpingo, sunthani mabenchi, yambani. Nawa masewera amene safuna ndalama:

• Kunjuta ndi kudzuka. Imani miyendo motalikirana pang'ono, tsikani ngati mukukhala pampando, msana uli wowongoka, zidendene zili pansi, kenaka dzukani. Chitani ka 10 mpaka 15.
• Kukwera ndi kutsika pa benchi lolimba kapena pa sitepe ya khonde, mwendo uliwonse ka 10. Awa ndi amene amafanana kwambiri ndi kuponda pedulo pa chitunda.
• Kuponya mwendo umodzi kutsogolo n'kutsitsa bondo lakumbuyo mpaka pafupi ndi pansi, mosinthanasinthana.
• Mapushapu. Amene zikuwavuta ayambe mawondo ali pansi.
• Kugona chafufumimba n'kudzikweza pa zigongono ndi zala za kumapazi, thupi lili tantha ngati thabwa, kwa masekondi 20 mpaka 30.
• Kulumpha chingwe kwa mphindi imodzi.

Gawanani m'magulu 6, gulu lililonse pa sewero lake. Mmodzi agwire wotchi kapena foni. Pakatha mphindi imodzi aombe m'manja, magulu asinthane. Mukazungulira onse, pumani mphindi ziwiri, mubwerezenso kawiri. Mukaphatikiza mphindi 10 zotenthetsa thupi poyamba ndi mphindi 5 zodziwongola pomaliza, zonse sizipitirira mphindi 40. Amene akufuna zolemera agwiritse ntchito chigubu cha madzi cha malita 5, chimene chimalemera makilogalamu 5.

Tisaiwalenso magule athu. Amene anavinapo beni, mganda, malipenga kapena chimtali kwa theka la ola akudziwa mmene thukuta limatulukira. Mpira wa miyendo ndi wa manja, mvula ikakata, nawonso ndi abwino. Ndipo kulima ndi kupalira kwa m'dzinja ndi ntchito yolemetsa kale. Tsiku limene mwachokera kumunda mutatheratu, musadziumirize.

Sabata ya membala wa kalabu ingayende chonchi: Lolemba masewera a pagulu aja, Lachitatu masewera othamangitsa mtima monga spinning, aerobics, mpira kapena gule, Lachisanu masewera a pagulu kachiwiri, Loweruka kapena Lamulungu, kukacha bwino, ulendo wa njinga pa msewu wa tala kapena wouma. Pakati pa masiku awiri olimbitsa minofu pazikhala tsiku lopuma, chifukwa minofu imakula pamene tikupuma.

Thukuta silifalitsa HIV

Timamvabe kuti m'makalabu ena muli achinyamata amene amakana kugwirana kapena kusewera ndi mnzawo poganiza kuti ali ndi kachirombo. Uku n'kusadziwa, ndipo kumapweteka. HIV imafala kudzera m'kugonana kosadziteteza, m'magazi monga pobwerekana singano ndi malezala, ndiponso kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana, makamaka ngati mayiyo sali pa mankhwala. Siifala kudzera m'thukuta, m'malovu, pogwirana chanza, pokhala pa chishalo chimodzi kapena pogwira chitsulo chimodzi. Komanso lero tikudziwa kuti munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika mpaka tizirombo kusaoneka poyeza magazi sapatsira mnzake HIV pogonana.

Mu Novembala 1991, katswiri wa basketball wa timu ya Los Angeles Lakers, Magic Johnson, anauza dziko kuti ali ndi HIV. Osewera ena anachita mantha kusewera naye. Koma mu 1992 iye anasewera m'timu ya America ku mpikisano wa Olympics ku Barcelona ndipo anapata mendulo ya golide. Padutsa zaka zoposa 30 chilengezereni. Kwathu kuno, lamulo la HIV ndi Edzi la mu 2018 limaletsa kusala munthu chifukwa cha kachiromboka.

Wina akavulala n'kutuluka magazi, kaya ndi ndani, lamulo ndi limodzi: aime kaye, bala litsukidwe ndi madzi aukhondo ndi sopo, limangidwe, ndipo womuthandiza avale magolovesi kapena jumbo yosabooka m'manja. Sitifunsa kuti munthuyo ali ndi kachirombo kapena ayi. Timachita chimodzimodzi kwa aliyense.

Chikomekome cha mkuyu

M'majimu ena mumapezeka anthu ogulitsa maufa, mapiritsi ndi majakisoni amene amati amakulitsa minofu msanga. Chenjerani nawo. Majakisoni amenewa amawononga chiwindi ndi mtima, ndipo kubwerekana singano ndi njira yachidule yotengera HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C.

Amene ali pa ma ARV asamale kwambiri. Mapiritsi owonjezera calcium kapena iron, ndiponso mankhwala ena a chilungulira, amatha kulepheretsa dolutegravir kulowa bwino m'magazi akamwedwa pa nthawi yolakwika. Kumwa kawirikawiri mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac kumalemetsa impso, makamaka kwa amene akumwa tenofovir. Musanamwe china chilichonse chowonjezera, ngakhale cha zitsamba, funsani adokotala kapena anamwino amene amakupatsani mankhwala.

Chakudya ndi madzi

Minofu siimangidwa ndi mpweya. Tiyesetse kudya kuchokera m'magulu 6 a zakudya: zokhutitsa monga nsima, mbatata ndi chinangwa, za nyemba monga nyemba, nandolo, soya ndi mtedza, za nyama monga usipa, mazira ndi ngumbi, masamba, zipatso, ndi za mafuta. M'dzinja bonongwe, nkhwani, chisoso ndi mango sizisowa. Tikudziwa kuti Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka. Ngati pakhomo mukudya kamodzi pa tsiku, chepetsani masewera olimba. Kuyenda ndi kudziwongola n'kokwanira mpaka zinthu zitasintha, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Imwani madzi musanayambe, muli pakati, ndiponso mukamaliza. M'dzinja ndi m'mene matenda otsegula m'mimba amafala. Tonse tikukumbukira mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023. Madzi akhale owiritsa kapena othira klorini, ndipo aliyense abwere ndi botolo lake.

Nthawi yoyenera kupuma

Pang'onopang'ono ndi mtolo. Kuwawa kwa minofu tsiku limodzi kapena awiri mutayamba masewera atsopano si vuto. Koma siyani masewera ndipo pitani kuchipatala mukaona izi:

• Kutentha thupi, kuphwanya m'thupi kapena kunjenjemera. M'dzinja malungo amachuluka. Kayezetseni, ndipo muzigona m'masikito usiku uliwonse.
• Chifuwa chosatha, kutuluka thukuta usiku kapena kuwonda mosadziwika bwino. Izi zingakhale zizindikiro za TB. Amene ali ndi HIV asadikire masabata awiri. Chifuwa chilichonse achinene.
• Kutsegula m'mimba kapena kusanza.
• Kupweteka pachifuwa, chizungulire, kukomoka kapena kubanika kosazolowereka.
• Ntchafu zotupa ndi zowawa kwambiri pamodzi ndi mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Izi zimachitikira anthu ena amene adziumiriza mopyola muyezo pa kalasi yoyamba ya spinning. Ndi chizindikiro choti minofu yawonongeka ndipo impso zili pangozi. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Amene angoyamba kumene ma ARV, amene achira posachedwa ku matenda aakulu, ndi atsikana oyembekezera, ayambe akambirana ndi achipatala za masewera amene angachite.

Njinga nayo isamalidwe

Thupi likhoza kukhala lokonzeka koma njinga itachita dzimbiri. Mukabwera m'matope, tsukani tcheni, muumitse, muthire oilo. Isungeni m'nyumba kapena pansi pa denga. Matayala asakhale ophwa kwa miyezi, chifukwa amang'aluka m'mbali. Onani mabuleki musanayambe ulendo. Pa msewu wonyowa amachedwa kugwira. Ndipo musayese kuwoloka mtsinje wodzaza ndi njinga, ngakhale msonkhano uli wofunika chotani.

Zoti mukambirane pa kalabu yanu

Pa msonkhano wanu wotsatira, khalani pansi mugwirizane malo ndi masiku awiri a masewera pa sabata. Sankhani mnyamata mmodzi ndi mtsikana mmodzi oti azitsogolera. Itanani aliyense, ali ndi njinga kapena alibe, ali ndi kachirombo kapena alibe. Mukamaliza masewera, gwiritsani ntchito mphindi 15 kukambirana za kudziletsa, kukhulupirika, kugwiritsa ntchito kondomu moyenera ndi ubwino woyezetsa magazi. Mutu umodzi susenza denga: amene wajomba kawiri, mukamuyendere kwawo.

Ngati simunayezetse magazi, pitani ku chipatala chimene muli nacho pafupi. Uphungu ndi kuyezetsa n'zaulere m'zipatala za boma, ndipo zotsatira zake zimasungidwa mwachinsinsi. Mvula ikadzakata mu Epulo, midzi imene tinaisiya idzakhala ikutidikira. Tiyeni tidzaifikire tili ndi mphamvu.